Mlamu Wanga Emelda ndi Siwichi Yachiwiri

1

Linali Lachinayi m'mawa, ndikumanga zingwe za nsapato kuti ndizipita ku ntchito, pamene mkazi wanga Ennie anaika foni yanga patebulo pafupi ndi kapu ya tiyi, n'kukhala pampando moyang'anana nane. Zaka khumi ndi zinayi za ukwati zinandiphunzitsa kuti Ennie akamakalipa ndiye kuti kunja kuli bwino. Akayamba kulankhula motsitsa ngati namwino, konzeka.

"Ba Webster," anatero, "mwezi uno mwamutumila kangati Emelda?"

"Emelda ni mulamu wanga. Manje kutumila mulamu wankhala mulandu?"

"Napenda. Sikisite-wanu. Ine mukazi wanu mwanitumila kanayi, konse kunifunsa ngati malaiti yabwela."

Ndinayesa kuseka, koma kusekako kunatuluka ngati chifuwa.

"Ma meseji ya ba pasta yalimo, ya ba landilodi yalimo. Ya Emelda yeka ndiye mwafuta yonse. Elo ba anti Elesi banakuonani Mande pa lanchi ku Kalingalinga, mungena mu rumu yake, mwakhoma na chiseko. Banaimilila panja awa yonse. Ma neba babauza ati si ulendo woyamba."

Emelda ndi mng'ono wake wa Ennie. Anabwera m'nyumba mwathu kuchokera ku Katete ali ndi zaka khumi ndi zitatu, amayi awo atamwalira, ndipo tinamulera ngati mwana wathu woyamba. Panthawi ya nkhaniyi ankachita lendi kachipinda ku Kalingalinga, ankakonza mafoni pamsika wa Mtendere, ndipo kunali kutatsala milungu isanu kuti akwatiwe ndi Chrispin, mnyamata waulemu wowotcherera mageti m'mbali mwa msewu. Chitenje cha khichini pate, phwando la azimayi lolangiza mkwatibwi, anali atasoketsa kale.

"Ennie, si vamene uganiza."

"Nivichani kansi? Kambani, nimvela."

Ndinatsegula pakamwa. Mawu oyenera ndinkawadziwa, ndipo sanali ambiri. M'malo mwake ndinayang'ana wotchi n'kunena kuti ndachedwa, tikambirana madzulo. Ndili pageti ndinamva kapu ikusweka pakhoma.

2

Ku Mtendere konse ankanditcha Ba Injiniya. Mayi akafuna kudzudzula mwana wothawa sukulu ankaloza ine ndikudutsa ndi chikwama cha laputopu paphewa. Kutchalitchi, komiti iliyonse yofuna munthu wophunzira inkayamba ndi dzina langa. Ndisakunamizeni, ulemu umenewu unkandikomera kuposa nyama.

Ndinkagwira ntchito pakampani ina yaing'ono chakufupi ndi Kabulonga, yosungira anthu makompyuta akuluakulu aja timawatcha maseva. Makasitomala athu odalirika anali makiliniki atatu a anthu wamba, ku Kanyama, ku Chawama ndi ku Matero. Mafayilo a odwala, zotsatira za magazi, mankhwala amene munthu akumwa, zonse zinkakhala kwa ife.

Chaka chimenecho abwana athu, Ba Musonda, anagula zida zatsopano: maseva atatu ogwira ntchito ngati gulu limodzi, ndi bokosi limodzi lalikulu la madisiki loti onse atatu azisungiramo. Nzeru yake ndi yakuti seva imodzi ikafa, inzake imatola ntchito pomwepo, poti zonse zili m'bokosi limodzi lija. Koma bokosilo limafuna netiweki yakeyake, yosasakanikirana ndi ya maimelo ndi intaneti. Netiwekiyo imadutsa m'masiwichi awiri, kuti seva iliyonse ikhale ndi njira ziwiri zofikira ku madisiki. Ntchito yolumikiza zonsezi inali yanga, ndipo tsiku losamutsira makiliniki m'zida zatsopano linali Loweruka masana. Eni makiliniki anavomera kulemba pamapepala mpaka Lolemba seveni koloko m'mawa, osapitirira.

"Webster, tili bwanji?" anandifunsa Ba Musonda m'mawa womwewo. "Satade tili redi?"

"Redi, bwana. Kwasala tunthu tung'ono chabe."

"Ndiye chifukwa nikukonda iwe. Benangu bakamba maningi, iwe uchita chabe."

Tsiku lonse ndinabisala m'chipinda cha maseva. Mulibe zenera, mumazizira ngati mochale, ndipo mafani amalira osaleka mpaka munthu kuiwala kuti kunja kuli dzuwa. Ndinamata timapepala pazingwe, zofiira za njira yoyamba, zabuluu za njira yachiwiri, n'kuzimanga mwaudongo ngati tsitsi la mkwatibwi. Pantchito ya zingwe panalibe wondiposa mu Lusaka muno. Foni inanjenjemera m'thumba kasanu, kasanu konse anali Emelda, ndipo sindinayankhe.

3

Lachisanu pa lanchi ndinapita kumsika. Nkhani inali itafika ine ndisanafike. Azimayi a tomato amene ankandilonjera ndi manja awiri anapeza chochita pansi pa mabenchi awo. Mnzawo wina wogulitsa tinsomba ta kapenta sanavutike n'kubisa komwe, anangondiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kutsonya.

Emelda anali m'kakontena kake, maso atatupa, patebulo pali foni ya munthu yotsegula pamimba imene sanaikhudze.

"Mwabwela, ba mulamu," anatero osadzuka. "Chrispin anabwela mailo. Atenga foni yanga, atenga na ring'i. Ba banja yake bafuna kumvela nkhani Satade kuseni kwa ba anti."

"Khazika mutima pansi, Emelda. Vizasila."

"Vizasila bwanji ngati imwe simukamba? Ba sisi banitukana vamene sininamvelepo. Bati banalela njoka mu nyumba. Kambani zoona, ba mulamu. Naimwe muziba, naine niziba."

"Nipase chabe mpaka Mande."

"Mande? Nkhani ni Satade!"

Apa ndiye ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandiyabwa ndikachikumbuka. Mwana akulira choncho, ine ndinasuzumira kunja, n'kutsitsa mawu.

"Nifunika kukuona lelo. Ma miniti sate chabe, ku rumu kwako."

Anandiyang'ana ngati akuona munthu wachilendo.

"Ine nili pa moto, imwe mukali kuganiza ivo?"

Anatsegula kabati, natulutsa kope la sukulu lachikuto chobiriwira, n'kundiponyera pachifuwa.

"Tengani. Ku rumu kwanga musabwelenso."

Ndinalitola pansi, ndinalipukuta fumbi, n'kuliika m'chikwama mosamala kwambiri. Ndinabwerera ku ofesi ndi mtima wopepukako pang'ono, ndipo zimenezi zokha zikuuzeni mtundu wa munthu amene ndinali.

4

Loweruka m'mawa tinasonkhana kwa Ba Elesi, azakhali awo a Ennie ndi Emelda, mayi amene sanagonjepo pamkangano chibadwire. Panali Chrispin ndi amalume ake, Ennie atafunda chitenje kumutu ngati ali pamaliro, ndi Emelda atakhala pansi pamkeka. Ine wolakwane anandipatsa mpando wa sofa, wabwino kuposa yonse m'nyumbamo. Sanachite kuganiza, chinali chizolowezi chabe.

Ba Elesi anafotokoza zimene anaona, ndi zimene sanaone anawonjezeramo. Atatha anauza Emelda kuti ayankhe.

Emelda anagwada n'kunena mawu ake momveka bwino, osanjenjemera. Mundilole ndisawalembe pano, muwamva posachedwa. Atangomaliza, amalume a Chrispin anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana iwe," anatero Ba Elesi, "boza nayo ifunika nzelu. Ba Webster, mwamvela vamene akamba. Ni zoona?"

Onse anatembenukira kwa ine. Maso amene sindidzawaiwala ndi a Chrispin. Mnyamatayo sanabwere kudzamenya munthu, anabwera kudzapempha. Anatulutsa mphete m'thumba la malaya ndi dzanja lake lodzaza zipsera za moto.

"Ba Injiniya, ine nikulemekezani maningi. Kambani chabe kuti vamene akamba ni zoona. Nizamubwezela ring'i pamene pano, nizagwada na kugwada."

Ndinangofunika kunena kuti inde. Koma m'mutu mwanga munadutsa azimayi akumsika, komiti yakutchalitchi, ana anga atatu amene kusukulu amanyadira ntchito ya bambo awo, ndi Ba Musonda akundisisita paphewa. Ndinatsika pasofa paja, ndinagwada, n'kuwerama.

"Nalakwa," ndinatero. "Nikhululukileni bonse. Ni Satana."

Mulungu ndi mboni, sindinanene kuti ndinagona naye. Ndinasankha mawu anga bwinobwino kuti tsiku lina ndidzathe kunena kuti sindinaname. Koma kwathu kuno mwamuna akagwada n'kutchula Satana, palibe amafunsanso kuti walakwa chiyani.

Emelda anafuula kamodzi kokha ngati wapondedwa. Ennie anadzuka, anandidutsa ine, n'kukamumenya mng'ono wake khofi limene linamveka mpaka panja. Chrispin anabweza mphete m'thumba n'kutuluka osatsanzika. M'kati mwa phokoso lonselo ine ndinaba kuyang'ana wotchi, chifukwa wani koloko ndinkafunika ku ofesi.

5

Ba Musonda anandidikira pakhomo atavala suti, ali paulendo wa ku ukwati ku Chongwe.

"Ukasiliza nitumile," anatero. "Nikudalila, mwana."

Chitseko cha chipinda cha maseva chitadzitseka kumbuyo kwanga, ndinakhala pansi n'kutsegula kope lobiriwira lija. Munali zolemba za Emelda, zing'onozing'ono, zaudongo, chilichonse ndi nambala yake. Choyamba chitani ichi. Mukaona chakuti, musapitirire, nditumireni.

Owerenga, chinsinsi changa ndi chimenechi. Emelda sindinagonepo naye, ngakhale kumugwira dzanja molakwika. Ine si injiniya. Ndine wokoka zingwe.

Ndinalowa pakampanipo ngati munthu woboola makoma ndi kukwera m'denga. Zaka zinayi zapitazo injiniya weniweni anapeza ntchito ku Joni n'kuchoka mwadzidzidzi. Ba Musonda anandipeza ndikumanga zingwe n'kundifunsa ngati ndingagwirizire mpaka apeze wina. Ndinati ndingakwanitse. Madzulo ake ndinapita kwa Emelda, amene anali atangomaliza dipuloma ya netiweki ndipo makalata ake ofunsira ntchito sankayankhidwa. Anandithandiza kamodzi, zinayenda, abwana anasangalala n'kusiya kufuna munthu wina. Kamodzi kanabala kawiri. Posakhalitsa ndinkamutengera laputopu ya kuntchito pa lanchi, iye n'kumalowa m'maseva athu ndi pasiwedi yanga, ine nditakhala pampando ndikudya chiwaya. Mameseji ndinkafufuta chifukwa munali mapasiwedi.

Kawiri anandipempha kuti ndimutchule kwa abwana. Ndinamuuza kuti zikadziwika kuti munthu wakunja amalowa m'makompyuta osunga mafayilo a odwala, apolisi adzayamba kumanga iyeyo. Anachita mantha, nakhala chete zaka zinayi. Anadzalankhula m'mawa uja pamkeka, zitamufika pakhosi. Mawu amene anthu anawaseka aja anali akuti: "Nibathandiza chabe nchito. Ba mulamu sibaziba netiweki. Vonse vamene bachita ku ofesi, nine nibalembela."

Ndiye ndinatsatira kope, nambala ndi nambala, mpaka makumi awiri ndi ziwiri. Nditatembenuza tsamba ndinapeza mutu wodulidwa mzere kunsi: Siwichi yachiwiri. Pansi pake panalibe kanthu. Tsamba limenelo tinkayenera kulimaliza Lachinayi pa lanchi.

Ndinakhala kakasi. Kenaka ndinadzilimbitsa mtima monga amachitira mbuli zonse. Magetsi a siwichi yachiwiri anali obiriwira ngati a yoyamba. Ndinatumiza kauthenga koyesera kuchokera ku seva kupita ku bokosi la madisiki, kamene timati ping'i, ndipo njira zonse ziwiri zinayankha. Ndinati basi, mwina Emelda anangolemba mutuwo mwachizolowezi. Ndinayamba kusamutsa.

Za ku Kanyama zinalowa, mwaulesi koma zinalowa. Za ku Chawama zinafika theka n'kuima. Ndinadikira mphindi khumi, makumi awiri, ola lathunthu, kamzere kaja osasuntha. Nditabwerera kukaona za ku Kanyama ndinapeza nazonso zauma, sizikutseguka, sizikutsekeka. Ndinazimitsa seva imodzi n'kuiyatsanso, chifukwa nzeru zanga zinkathera pamenepo. Itadzuka inaliona bokosi la madisiki, kenaka inalitaya, kenaka inalionanso. Pofuna kubwerera m'zida zakale ndinapeza kuti njira yobwerera sindikuidziwa, chifukwa nayonso inali m'mutu mwa Emelda.

M'chipinda chozizira chija malaya anga ananyowa ndi thukuta. Ndinatulutsa foni n'kuimba nambala imene chala changa chinazolowera. Inalira kawiri, ndipo amene anayankha anali Chrispin. Ndinadula.

6

Lamulungu m'mawa sindinapite kutchalitchi. Ndinayesanso maola atatu, osaphula kanthu. Pofika masana ndinali nditasowa mtengo wogwira. Mawa lake seveni koloko anamwino a makiliniki atatu akanayatsa makompyuta awo n'kupeza kuti odwala awo onse alibe mbiri.

Ndinakwera basi ya ku Kalingalinga, kumene Ba Elesi nawo ankakhala. Ennie anali atasamukira kwa Ba Elesi ndi ana. Ndinawapeza awiriwo pakhonde akusadzula masamba, ndipo ndinagwadanso pafumbi, tsopano ndi choonadi chonse. Ndinanena zonse, kuyambira tsiku limene injiniya anapita ku Joni.

Ba Elesi anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anawomba m'manja kamodzi.

"Yaba! Manje mwabweleka boza ya Emelda? Mailo munagwada, munalila, munakamba ati ni Satana. Lelo Satana asanduka kompyuta?"

"Ba anti, nilumbila. Ine sinili injiniya."

"Imwe? Bamene mu Mtendere monse baziba? Ngati imwe simuli injiniya, ninshi ine sinili mukazi."

Apa m'pamene ndinazindikira kukula kwa dzenje limene ndinakumba. Bodza langa ndinalimanga zaka zinayi, ndi simenti yabwino, moti tsopano ngakhale mwini wakene sindikanatha kuligwetsa.

Chrispin ndinamupeza pamalo ake a ntchito, akuwotcherera geti pa Sabata, chinthu chimene sanachitepo. Anakweza chigoba chakumaso n'kundimvera.

"Mailo ninakupempani pamenso pa bantu," anatero. "Munakana. Lelo mwapangana, mwabwela na nyimbo imozi."

"Tiye ku ofesi ukaone weka."

"Nikaone chani? Ine ma kompyuta niyazibila kuti? Muzatinika-tinika ma batani, muzakamba ati waona. Chokani, ba mudala, ningachimwe."

Anatsitsa chigoba, moto n'kuyambanso kuthetheka.

Pomaliza ndinakagogoda kwa Emelda. Anatsegula pang'ono, tsaya lake lidakali lotupa. Sanandilole kuyamba.

"Yagwa, te?"

"Emelda, nabauza bonse zoona. Nagwada kwa ba anti, nayenda na kwa Chrispin."

"Nafunsa ati ma seva yagwa?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiye chifukwa mwakamba," anatero. "Ine pamene ninagwa mailo munayang'ana wochi. Ninakuonani."

Anatseka chitseko, ndipo ndinaima pamenepo mphindi zingapo ndikuganiza kuti zatha. Kenaka anatuluka atavala nsapato.

"Niyenda chifukwa cha odwala, osati imwe. Tumilani ba bwana banu babwele. Na ba sisi bankhaleko."

Ennie anavomera kubwera. Sanandikhulupirire, anangoti akufuna aone pamene bodza lathu likathere.

7

Ba Musonda anafika folo koloko, nkhope itakwinyika. Ndinawauza ndili chiimire m'khonde la ofesi, mkazi wanga akumva. Abwanawo anangotsegula chipinda cha maseva n'kuloza Emelda kuti alowe.

Emelda anakhala pampando wanga ngati anabadwirapo. Anandifunsa kamodzi kokha.

"Munayesa ping'i?"

"Ninayesa. Njila zonse zinayankha."

"Ya saizi bwanji?"

Sindinadziwe n'komwe kuti ping'i ili ndi saizi. Anapumira m'mwamba, nalemba mzere umodzi. Njira yoyamba inayankha. Analembanso, ndipo njira yachiwiri inangoti zii.

"Onani apa, bwana," anatero, akulankhula ndi Ba Musonda ngati ine kulibe. "Ma seva na bokosi ya ma disiki tinavikonza kuti vizitumizilana mitolo ikulu, ya naini sauzande. Siwichi yoyamba ninaikonza kudala, ivomela. Yachibili ikali pa wani faivi handiredi, mwamene inachokela ku shopu. Ka ping'i kang'ono kapita bwino, ndiye chifukwa banaona monga vili mushe. Koma mutolo ukulu ukafika, siwichi iutaya osakamba kanthu. Manje ma seva yatumiza mosinthana, uyu ku njila yoyamba, uyu ku yachibili. Hafu ifika, hafu isoba. Ndiye kuuma kwamene muona."

Analowa m'siwichi yachiwiri, anasintha nambala imodzi, anasunga, nayesanso. Njira yachiwiri inayankha. Anauza maseva kuti alifunenso bokosi la madisiki, anadzutsa za ku Kanyama n'kuona kuti palibe chawonongeka, kenaka anayambitsanso za ku Chawama. Kamzere kamene kanandiumira tsiku lathunthu kanayamba kuthamanga. Kupeza vuto ndi kulikonza kunamutengera mphindi khumi ndi ziwiri. Zotsalazo kunali kungodikira.

Ndinamva kulira kumbuyo kwanga. Ennie sankadziwa siwichi kapena ping'i, koma ankadziwa kuona munthu amene akudziwa chimene akuchita, ndi munthu amene wangoima ngati mtengo wa magetsi. Anagwada pasimenti yozizira n'kugwira miyendo ya mng'ono wake. Emelda sanamukankhe, komanso sanamudzutse. Anapitiriza kuyang'ana pakompyuta mpaka za ku Matero zitalowa.

Ndinayamba kuganiza kuti mwina zikhala bwino. Abwana aona luso lake, amulemba ntchito, apita okha kwa Chrispin kukachitira umboni. Munthu wamkulu wa galimoto akalankhula, ndani angatsutse? Koma Ba Musonda anatiitanira mu ofesi yawo n'kutseka chitseko.

"Zaka folo," anatero motsitsa. "Zaka folo muntu wa kunja angena mu ma faelo ya odwala na pasiwedi yako. Uziba vamene vingachitike ma kiliniki yakamvela? Kampani yasila, bantu naini bankhala pa nyumba." Anatembenukira kwa Emelda. "Mayo, uli na nzelu, nakuonga. Koma sininga kulembe nchito, bazafunsa kwamene nakuzibila. Webster, mailo uzalemba kalata ati wasiya weka. Ine siniyenda ku polisi. Koma vamene vachitika muno visilile muno. Aliyense akanifunsa, uyu mukashana sininamuonepo."

"Bwana, chikwati chake..." ndinayamba.

"Chikwati chake unachiononga ni iwe, osati ine."

Mboni yokhayo imene anthu akanaimvera inatseka pakamwa pake choncho, n'kutsekanso pathu.

8

Papita chaka ndi miyezi iwiri. Ennie anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti anaona ndi maso ake, koma sakanatha kunena kuti anaona chiyani, kuti, pamaso pa yani. Anthu anangoti ndi mmene amachitira akazi ofuna kusunga banja. Ba Elesi mpaka lero amati tonse atatu tinapangana. Chrispin anakwatira mtsikana wa ku Chilenje mwezi wa Ogasiti.

Emelda anatseka kontena yake, chifukwa azimayi analetsa amuna awo kukakonzetsa mafoni kwa iye. Ali ku Chipata. Amalankhula ndi mkulu wake pafoni kamodzikamodzi. Ine ndinamulembera kalata ya masamba anayi, ndipo yankho linabwera kudzera mwa Ennie, lakuti wailandira.

Ennie anabwerera kunyumba chifukwa cha ana. Amaphika, amachapa, amandiyankha ndikamufunsa. Tsiku lina ndinamufunsa ngati adzandikhululukire.

"Mukanagona naye, nikanaziba vochita," anatero. "Bazimai bambili bapitamo, bapola. Koma imwe munaniimika, munanionelela nimenya mwana wa amai banga pa vintu vamene sanachite. Kwanja iyi nizaichita bwanji?"

Ndinabwerera ku zingwe. Ndimagwira maganyu m'maofesi a m'tauni, kuboola makoma ndi kukwawa m'denga, ndipo ntchitoyo ndimaidziwadi. Chodabwitsa n'chakuti kutchalitchi anandikhululukira msanga. Ndinakhala kumbuyo miyezi itatu, kenaka anandibwezera m'komiti. Mwamuna amaterereka, anatero akulu a mpingo, makamaka ngati mtsikana wamuikira msampha m'nyumba mwake momwe.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukudikira kuti ndikuuzeni kuti bodza limaululika. Langa silinaululike, ndipo ndimadya nalo, ndimagona nalo. Chimene ndingakuuzeni ndi ichi: ngati pali munthu amene wakunyamulani pamsana mwakachetechete, kuntchito kapena kunyumba, mutchuleni lero, anthu adakali okhoza kukukhulupirirani. Choonadi chili ndi nthawi yake, ndipo changa chinachedwa ndi tsiku limodzi lokha. Madzi akatayika saoleka.

Ndinalemba nkhaniyi ndi cholinga choti wina wa ku Mtendere kapena ku Kalingalinga aiwerenge, amuzindikire mtsikanayo, dzina lake liyere. Nditaitumiza, akonzi a magazini ino anandiimbira foni. Anati nkhaniyo aikonda, koma akufuna kudziwa ngati asindikize mayina athu enieni ndi malo enieni, kapena asinthe. Anandipatsa masiku awiri oti ndiganize.

Ndinaganiza masiku awiri onsewo. Ndinawauza kuti asinthe.